Bere Limeneli Ndi Langa

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye za malamulo musandifunse. Chimene ndimadziwa ndi makatani. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwoloka pachipata cha m'malire kawiri pamwezi, kukaoda makatani ndi mabulangete tsidya linalo, ndipo palibe wogulitsa amene anandidyerapo masuku pamutu. Koma tsiku limene ndikukuuzanili sindinapitire makatani. Ndinapitira bere la mwana wanga.

Mwana wangayo ndi mphunzitsi, yekhayo pabanja pathu amene amalandira kumapeto kwa mwezi. Amaphunzitsa tiana ta Sitandade 2, ndipo akandikwiyitsa ndimamuitana kuti Aphunzitsi. Atabereka mwana wake woyamba, bere lakumanzere linatupa. Tinati ndi mkaka, liphwa lokha. Silinaphwe. Miyezi inayi khungu likuderaderabe, nsonga ikulowa m'kati, pambali patatuluka kachilonda kosapola. Kuchipatala chathu anamupatsa mapilisi katatu. Kachinayi namwino anangolemba kalata n'kunena kuti tipite tsidya linalo, kuli dokotala wa zimenezi. Dokotalayo titamuimbira anati ayambe waona zithunzi, kuti adziwe ngati n'zothamangira kapena zodikira.

Zithunzi tinajambula zisanu, ine ndemwe ndi foni yanga, m'chipinda chake chitseko chili chotseka, nkhope osaonetsa. Kutumiza, zinakana. Kuyesanso, zinakana. Foni inkangotulutsa kachikwangwani kofiira.

"Ndi lamulo latsopano lija, amayi," anatero mwana wanga. "Boma linatchinga zithunzi zolaula. Makina akangoona thupi, sadutsitsa."

"Makinawo anayamwa chiyani ali mwana?"

"Amayi."

"Ndikufunsa."

Kuti apite yekha sizinatheke. Inali nthawi ya mayeso, ahedi anamukaniza tchuthi, ndiponso khandalo linalibe pepala lowolokera. Ndinati basi, foni ilibe miyendo koma ine ndili nayo. Kalata ya namwino ndinaipinda kanayi n'kuilowetsa m'kamisolo, mmene ndimasungira chilichonse chimene sindifuna kuti chione dzuwa.

Pakhomo anandigwira mkono. "Amayi, akakugwirani, dzina langa lisatuluke. Munthu akalowa m'kaundula wawo wa anthu ogwidwa ndi zolaula uja, ntchito ya ana imathera pomwepo. Kusukulu kwathu achotsa kale awiri. Winayo chithunzicho anachita kutumiziridwa, sanachipemphe n'komwe."

"Ndine mwana ine? Pita ukaphunzitse."

Holo ya pachipatapo ndimaidziwa kuposa khitchini yanga. Mawindo atatu, lotsegula limodzi. Fani yapadenga inafa kalekale, inangosanduka nyumba ya akangaude. Benchi ya miyendo itatu imene alendo okha ndi amene amakhalapo. Koma tsiku limenelo panali chatsopano: tebulo pakati pa njira, pamwamba pake kabokosi kotuwa kokhala ndi zingwe ngati matumbo a nkhuku, ndi amuna awiri a yunifolomu. Wina wamkulu, malaya akukana kukumana pamchombo, ife amalonda timamutchula Chimimba. Wina wachinyamata wa tindevu tosawerengeka, Kandevu. Aliyense pamzere amapereka foni, yotsegula, ngati chopereka cha kutchalitchi.

Patsogolo panga panali Mayi a Nsapato, mnzanga wa pamsika, amene pakamwa pake palibe chitseko.

"Ayamba sabata yatha," anandinong'oneza. "Dzulo agwira m'busa."

"Anali ndi chiyani?"

"Ubatizo wa kumtsinje. Malaya atanyowa, makina analira."

Ndinaganiza zobwerera. Koma kubwerera kuti ndikanene chiyani kunyumba? Ndinati mwina kabokosiko kasinza.

"Foni, amayi," anatero Kandevu, osandiyang'ana.

"Ya chiyani?"

"Lamulo."

"Katundu wanga mumasecha, chikwama mumasecha, tsopano mwafika m'foni. Mawa mudzatsegula mutu?"

"Mukuchedwetsa mzere. Tsegulani."

Ndinatsegula. Analowetsa chingwe. Kabokosi kanang'ung'udza pang'ono, kenako kanalira, mluzu wautali ngati ketulo. Holo yonse inatembenuka.

Kandevu anayang'ana pagalasi la kabokosiko, nsidze n'kukwera. Anagwedeza Chimimba ndi chigongono. Chimimba anavala magalasi, anawerama, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wosankha tomato.

"Eee, agogo," anatero. "Pa msinkhu wanuwu?"

"Agogo ake ndani? Ndinakuberekerani amayi anu ine? Zimenezo n'zachipatala. Simukuona chilondacho?"

"Ife sitiona chilonda. Makina anena kuti zolaula."

"Cholaula ndi chiti pano? Bere lodwala, kapena amuna awiri akulidyerera maso dzuwa likuswa mtengo?"

Pamzere ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Chimimba anapita kukatenga fomu. Ndipo nthawi imeneyo ndinaona chinthu. Maso angawa amadziwa katani imene yabedwa chala chimodzi pamita, ndiye sangaphonye mnyamata akutsitsa foni yake mphepete mwa tebulo, kuilozetsa pagalasi, kudina kawiri, n'kuibweza m'thumba lakumanja la buluku. Ndinafuna kumulumphira pakhosi. Koma pamsika ndinaphunzira kuti ukaona chilema pakatundu, sukuwa nthawi yomweyo. Umasunga, udzachitulutse pofika pamtengo.

Chimimba anabwera ndi pepala lachikasu, n'kunyambita chala.

"Mabokosi alipo awiri. Wosunga zolaula, wofalitsa zolaula. Inu mumawoloka nazo malire, ndiye wofalitsa. Imeneyo ndi ya kukhoti. Tsopano apa: wojambulidwayo ndani? Dzina, ntchito, kumene akhala."

"Mukufuna mumutani?"

"Timuitana adzanene yekha ngati anavomera kujambulidwa. Ndi kumuteteza kumeneko."

"Akavomera?"

"Alowa m'kaundula."

"Akakana?"

"Alowabe, koma ngati wolakwiridwa."

"Kaundula wake yemweyo?"

"Kaundula ndi mmodzi, amayi. Dzina."

"Ndine."

Cholembera chinaima. Kandevu anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, musatitayitse nthawi. Bere ili ndi la mtsikana."

"Wadziwa bwanji? Waona angati iwe, ndevu zake zimenezo? Bere limeneli ndi langa. Ndinalijambula ndekha, ndikupita nalo kwa dokotala ndekha. Lembani."

"Bodza pa fomu ya boma ndi mlandu wina," anatero Chimimba.

"Ndiye mukufuna umboni? Chabwino. Poti mumakonda kuona."

Ndinaponya chikwama pansi n'kuyamba kumasula mabatani. Loyamba. Lachiwiri. Chimimba anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Mayi a Nsapato anakuwa, "Asiyeni avule! Si mwafuna nokha!" Bambo wina wa sutikesi anatseka maso a mkazi wake m'malo motseka ake. Ndili pa batani lachitatu, chitseko cha kuseri chinatseguka.

Anatuluka mkulu wa shifiti, mayi wamtali wouma, nyenyezi ziwiri paphewa. Zaka zonsezi sindinamumvepo akulankhula mawu opitirira asanu, n'chifukwa chake timamutchula Aloko, poti pakamwa pake ndi pokhoma ngati loko.

"Tsekani malaya. Lowani muno."

Kachipindako kanali kopanda windo. Tebulo, mipando iwiri, kabati yachitsulo, ndi kalendala ya chaka chatha. Anatseka chitseko, n'kuima nacho kumsana.

"Mwati ndi lanu. Ndione."

Apa m'pamene ndinapusa. Ukali unandiiwalitsa chimene ndinaika m'kamisolo. Nditangomasula, kalata ija inatsetsereka n'kugwera pa nsapato yake. Ndinawerama, koma msana wa zaka zanga sungapikisane ndi dzanja la wapolisi. Anaitola, anaifunyulula, anawerenga yonse mpaka chidindo. Kenako anayang'ana pachifuwa panga, pamene pali mabere awiri amene analera ana asanu n'kupuma pantchito.

"Chilonda chili kuti?"

"Chapola."

"Liti?"

"M'basi."

Sanaseke. Anawerenga mokweza dzina la mwana wanga, zaka zake, ndi mawu akuti mphunzitsi. Dzina limene ndinamupatsa ndekha, m'kamwa mwa mayi ameneyo linamveka ngati chitseko cha ndende.

"Valani. Ndilemba zimene ndaona."

Ndinavala. Mabatani ndinamanga mosafulumira. Kenako ndinakoka mpando n'kukhala, osauzidwa.

"Musanalembe, mayi, tikambirane."

"Pano si pamsika."

"Paliponse pamene pali anthu awiri ndi pamsika. Mnyamata wanu wa tindevu uja, foni yake ili m'thumba lakumanja. Kaiikeni pa kabokosi kanu kaja timve ngati sikalira. Wajambula bere la mwana wanga kawiri, ine ndikuona. Ndiye mundiuze, poti ine sukulu sindinapite: kuchotsa chithunzi m'foni ya munthu n'kuchiika m'foni ina, pa fomu yanu paja ndi bokosi liti?"

Nkhope yake sinasinthe, koma kalata ija anasiya kuigwedeza.

"Mukunama."

"Ndanama kamodzi lero, mwandigwira. Kachiwirika kayeseni. Koma mukalemba dzina la mwana wanga, ine ndikatuluka muno ndikukuwa. Muholomo muli anthu osachepera makumi asanu, theka ndi anzanga a pamsika. Tikagona pakhomo mpaka foni ya mnyamatayo ilowe m'makina pamaso pa aliyense. Ndipo akuluakulu anu akabwera sadzafunsa za tindevu. Adzafunsa kuti shifiti inali ya ndani."

"Mukundiopseza?"

"Ndikunenerera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuyang'ananso. Wogulitsa akakhala chete, iwe usadzaze chetecho, ndi mmene anthu amadzikwezera okha mtengo.

Anatsegula chitseko pang'ono. "Iwe. Bwera ndi foni yako."

Kandevu analowa akumwetulira, kumwetulirako n'kuthera pakhomo. Anayamba zoti batire yatha. Aloko anangotambasula dzanja. Atatsegula, ndinaimirira kuti ndione nawo, ndipo sanandiletse. Zithunzi ziwiri za mwana wanga zinali pamwamba. Pansi pake panali zina. Chala cha Aloko chinkakankha, zikubwerabe. Akazi a eni, ena ovala zogonera, ena akusamba, wina ndi mimba yaikulu atadzijambula pagalasi, mwina ankatumizira mwamuna wake. Sabata imodzi yokha ya kabokosi, mnyamata atakolola chonchi.

"Bwana, ndimasungira umboni," anatero.

"Tseka pakamwa."

"Umboni wa amako," ndinatero ine. "Fufuta za mwana wanga. Pano. Ndione."

Anafufuta.

"Ndi kumene zimapita zikafufutidwa. Usandiyese wa dzulo, ndili ndi adzukulu."

Anafufutanso kumeneko. Aloko anatenga foniyo, anaiponya m'kabati, anakhoma, n'kumuuza kuti atuluke. Zimene anachita nazo zithunzi za akazi enawo sindikudziwa. Sindinafunse. Munthu sunenerera katundu wa msika wonse, umanenerera wako. Koma nkhope ya wamimba uja ndimaionabe.

Titatsala awiri ndinati, "Ndiye ng'ambani pepala lanulo, mundipatse foni, ndizipita."

"Sizingatheke. Makina akalira, nambala imapita kulikulu nthawi yomweyo. Nambala iliyonse imafuna fomu. Fomu imafuna dzina."

"Nenani kuti makina analakwitsa."

"Bokosi limenelo palibe."

"Analemba fomuyi ndani, wopanda amake?"

"Dzina, amayi."

Apa ndinamvetsa chimene ankagulitsa. Iye sankafuna mwana wanga. Ankafuna kuti mzere wa pa pepala usakhale wopanda kanthu.

"Dzina ndi dzina. Langa nali. Wojambula ine, wojambulidwa ine, mwini foni ine. Kalatayo simunaione."

"Mukudziwa mtengo wake?"

"Nenani."

"Wofalitsa, kukhoti."

"Ayi. Sindinawoloke. Chipata chili uko, ine ndili kuno. Ndafalitsira ndani, kupatula antchito anu? Wosunga."

Anapumira m'mwamba. "Wosunga. Foni itsala. Dzina m'kaundula. Khadi lowolokera lidulidwa, zaka zitatu."

Khadi limenelo ndiye munda wanga. Ndi limene linaphunzitsa Aphunzitsi, ndi limene linafolera nyumba. Wamakatani wosawoloka amagula kwa anzake owoloka, n'kumadya zotsala.

"Chaka chimodzi."

"Zitatu. Zinalembedwa kale pa fomu, sindine ndinaika."

"Ziwiri, foni mutenge ndi chaja chomwe."

"Amayi."

"Ndiye mundilole ndiwoloke lero lokha, ndikapereke kalatayi kwa dokotala. Madzulo ndibwera mudzadule bwinobwino."

"Wa m'kaundula sawoloka. Ndakupatsani zimene ndingathe. Mukapitiriza, ndilemba zoona, ndipo mukakuwa, tigwera limodzi. Ine ndidzapeza ntchito ina. Mwana wanu sadzapeza."

Pamenepo ndinadziwa kuti tafika pa mtengo womaliza. Umamveka, ngati pansi pa chidebe.

Analemba. Atatha anandikankhira pepala ndi kabokosi ka inki.

"Sindidinda chimene sindinamve. Itanani Mayi a Nsapato, ali panjapo, andiwerengere."

"Mukufuna msika wonse udziwe?"

"Udziwa kale. Ndinavula pamaso pawo."

Mayi a Nsapato analowa maso ali mwaa, ngati walowa m'nyumba ya mfumu. Anawerenga mzere ndi mzere, chala chikuyenda pansi pa mawu. Dzina langa katatu. Ntchito, wamalonda. Mlandu, kusunga zithunzi zolaula. Pofika pamenepo anandiyang'ana.

"Asisi, zoona mudinda zimenezi?"

"Pali dzina lina pamenepo?"

"Palibe."

"Tembenuza kuseri."

"Kuseri kulibe kanthu."

Ndinaviika chala, ndinadinda. Aloko anatenga khadi langa, anatulutsa sizasi m'dirowa, n'kulidula pakati, pankhope penipeni. Sizasi yake inali yobuntha, anachita kubwereza katatu. Ndinamuuza kuti akanandiuza ndikanamubweretsera yanga. Kalata anaiika patebulo osandipatsa m'manja, n'kuyang'ana kukhoma. Ndinaitola.

"Zikomo sindinena," ndinatero.

"Sindinapemphe."

Potuluka, Chimimba anali atayambanso mzere. Kandevu anali pampando wa pakona, akuyang'ana nsapato zake. Mtsikana wina wa yunifolomu ya unamwino anali akupereka foni. Mayi a Nsapato anandiperekeza mpaka pakhomo.

"Ndikuoderani makatani, asisi. Mundiuze mitundu."

"Udzandidula."

"Pang'ono pokha."

"Ndiye ukauze anthu bwino. Ukanene kuti linali langa, ndipo linali lokongola mpaka makina a boma analira."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Mwana wanga anali ataweruka, atakhala patebulo ndi mulu wa makope, cholembera chofiira m'dzanja, khanda lili pamiyendo likuyamwa bere labwinolo. Atandiona anaimirira theka.

"Mwabwera msanga. Adokotala ati chiyani?"

"Sindinawaone."

"Foni ili kuti?"

"Yatsala."

Anayang'ana dzanja langa. Inki ya boma sichoka ndi malovu, ndinayesa njira yonse.

"Amayi, mwadinda chiyani?"

"Za ine. Iwe mulibemo."

"Amayi, khadi lanu..."

"Khala pansi, ukugwetsa mwana." Ndinatulutsa kalata n'kuiika pamwamba pa makope. "Lachiwiri upita wekha. Chithunzi cha bere sichiwoloka, koma bere lenilenilo amalilola, bola likhale m'malaya. Foni usiye kuno. Ukamire mkaka m'kapu, khandali ndisunga ine, ndilibe kopita."

"Ahedi anakana kale."

"Anakaniza iwe. Ine sanandionepo."

Anayamba kulira, kulira kwake kwa chete kuja kumene anatengera bambo ake. Ine kulira ndilibe nako nthawi.

"Pukuta, udonthezera pa makope a eni. Ahedi akowo amafika nthawi yanji?"

"Hafu sikisi."

"Mawa akandipeza pakhomo pa ofesi yawo."